Tsiku Limene Mafani Anazima

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Anamva kuti ku fakitale akufuna munthu wodziwa kompyuta, basi n'kunditchula. Ine ndinkangodziwa pang'ono Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, chimene ndinadziphunzitsa ndekha pa foni.

Bwana wanga anali a Namakhwa, bambo achikulire osakonda zolankhulalankhula. Ndiwo analemba pulogalamu yoyendetsa mafani opemerera mpweya m'mathirafu, momwe timayala masamba a tiyi kuti afote. Pulogalamuyo inkawerenga kutentha kuchokera ku masensa, tizipangizo toyezera, n'kuyatsa kapena kuzimitsa mafani. Nthawi yopuma iwo ankawerenga buku lothothoka masamba la mfiti ndi zinjoka zouluka, limene ine ndinawerenga ndili ku sekondale. Ndinawauza kuti ndi la ana.

"Iwe unkawerenga za zinjoka," anatero. "Ine ndikuwerenga za mfumu yotopa imene sikufunanso nkhondo. Buku ndi lomweli."

M'nyengo ya mvula masamba amachuluka. Tsiku lina masana mafani onse anazima, a Namakhwa ali ku chipatala ndi akazi awo. Mathirakitala ankabwerabe odzaza. Masamba akapanda mpweya amatentha, n'kufiira, ndipo ofiira amatayidwa. Kapitawo anaima pakhomo la ofesi.

"Achimwene, tiyi akupsa uku. Mupanga chiyani?"

Nditatsegula pulogalamuyo, ndinapeza kuti sensa imodzi yanyowa ndipo ikutumiza zopanda tanthauzo. Ndinalemba mizere yochepa yosavuta: sensa ikalephera, mafani azingozungulira. Anayaka. Koma thirafu imodzi inali itawonongeka kale. Ndinaona anthu akuwola masambawo ndi mafosholo, masamba amene azimayi anathyola akunyowa ndi mvula kuyambira m'mawa. Ndinapita kunyumba osadya.

Mawa lake a Namakhwa anawerenga zimene ndinalemba.

"Zagwira ntchito. Koma mafani akamangozungulira, masamba auma mopitirira. Unaganizapo?"

Sindinaganizepo. Anakoka mpando, n'kukonza pulogalamuyo ine ndikuona. Sanagwiritse mawu achilendo ayi. Anali mawu omwe aja ndinaphunzira sabata yanga yoyamba pa foni paja, kungoti iwo ankaonamo zinthu zimene ine ndinali ndisanayambe kuziona.

Ntchitoyi ndidakali nayo, ndipo maso amawawa madzulo alionse. Koma pulogalamu ikagwira ntchito sindidzuka msanga pampando. Ndimabwerera pamzere woyamba n'kuyambanso kuwerenga.