Kalata ya Pamanja Samata

Kwathu kuno, ukamupatsira munthu kalata kuti akakuperekere, envulopu sumata. Umangopinda kakamwa kake n'kulowetsa m'kati basi. Kumata ndiye kuti wamuuza mwini miyendoyo kuti sukumukhulupirira, ndipo ena akhoza kukubwezera pomwepo kuti ukapereke wekha. Mwambo umenewu ndinakula nawo, ndinauphunzitsanso ana zaka zonse zimene ndinagwira choko, ndipo ndi womwewu umene unandichititsa manyazi nditapuma kale pantchito.

Zinayambira pakhonde la telala wa pamsika wathu. Bamboyu ndi Msilamu, ine ndine mayi wa kutchalitchi, koma yunifolomu yanga yoyera amasoka ndi iyeyo, ndipo takhala tikukangana za kutalika kwa siketi kuyambira kalekale. Tsiku limenelo ndinamupeza makina ali duu, iye ataweramira foni. Ndinamuseka kuti ukalamba wayamba kumusandutsa mwana. Sanaseke. Anangondipatsa foniyo.

Munali bambo wina wa ku Gaza, fumbi thupi lonse, akukumba ndi manja pa mulu wa zidutswa za nyumba. Ankaitana dzina, n'kuika khutu pansi, n'kukumbanso. Chinenero chake sindinachimve koma sindinafunse kuti akuti chiyani. Chaka cha napolo, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi, ife tinakumba chimodzimodzi. Makasu anali atapita ndi madzi. Ndinakhala pa benchi ya telalayo nthawi yaitali, yunifolomu nditaiwala.

Mwana wamkazi wa telalayo, wa ku Blantyre, ndi amene anamuuza kuti m'maiko ena anthu wamba akulembera makalata aphungu ndi nduna zawo, kuwapempha kuti ayankhulepo za anthu a ku Palestina. Telala anati, “Aphunzitsi, ine ndimatha singano, inu mumatha cholembera. Kodi phungu wathu alibe maso owerengera?”

Ndinavomera tsiku lomwelo. Ndine wa phuma, sindikana.

Sizinali zophweka. Kutchalitchi ena anandikokera pambali kuti, “Mayi, mwayamba kulimbana ndi dziko la m'Baibulo?” Ndinawayankha kuti sitikulemba kuti wina afe. Tikulemba kuti ana asaphedwe, anthu apeze madzi ndi mankhwala, ndipo munthu asathamangitsidwe pamalo pamene anakwirira makolo ake. Ife Alomwe agogo athu anachoka ku Mozambiki katundu ali pamutu, ndiye nkhani yothawa kwanu sitichita kuimvera pa wailesi. Ena anamva, ena anandisiya kuti ndapenga. Koma funso limene linkabwera kwambiri linali lina: “Ndi zolandira?” Kuno munthu akangotulutsa pepala ndi cholembera pansi pa mtengo, anthu amadziwa kuti kukubwera chimanga kapena makuponi. Ndinachita kusasa mawu kubwereza kuti si zolandira, si za chipani, ndi kalata chabe.

Kwa milungu itatu ndinayenda pa njinga m'midzi ya ku Kaduya. Odziwa kulemba ankalemba okha, osadziwa ankanena ine n'kumalemba. Pomaliza ndinkawapaka inki ya bolopeni pa chala chachikulu n'kudinda. Ndiye uphunzitsi sutha: ndinkaona ngati zala zikudetsa kalata. Ndinaganiza kuti maina, midzi ndi zala zizikhala papepala lakelake, lolembedwa mizere bwinobwino ngati rejisitala ya m'kalasi, n'kulimangirira kumbuyo kwa kalata ndi phini. Ndinkadzitama nazo kuti phungu akaona kuti ku Phalombe kuli anthu a ukhondo.

Mwa onse amene ndinawalembera, panali mayi mmodzi wochokera kunsi kwa Michesi, amene ankakhala kwa abale ake napolo atamusiya wopanda nyumba. Anataya ana awiri. Mmodzi anamupeza, wina mpaka lero ali pansi pa miyala. Mayiyu sankapita pamisonkhano ndipo sankayankhula zambiri. Ndinamupeza akusola nandolo, ndipo nditamuonetsa bambo wa ku Gaza uja anaonera kawiri, n'kupukuta manja pa chitenje.

“Lembani,” anatero. Ankayamba m'Chichewa, pakawawa n'kulowa m'Chilomwe, ine n'kumabwezera m'Chichewa. “Muwauze kuti ine ndinakumba masiku anayi, zikhadabo zinachoka. Anga anatengedwa ndi phiri, phiri silimva, sungalilembere kalata. Koma awowo nyumba zikuwagwera chifukwa cha anthu, ndipo anthu ali ndi makutu. Inu a phungu tinakutumani kuti mukatiyankhulire. Kayankhuleni.”

Nditatulutsa bolopeni kuti ndimupake, anabisa dzanja kumbuyo.

“Chala changachi chayenda kwambiri, aphunzitsi. Chinapita kuti tilandire malata, sitinawaone. Chinapita kuti atipatse malo, mpaka pano ndikugona kwa eni. Sindifunanso.”

Ndinamugwira phewa n'kumulonjeza. Ndikukumbukira mawu anga enieni, chifukwa amandibwerera mpaka pano: “Chala chanu chikupita ku Lilongwe molunjika, sichipatukira kwina kulikonse. Mukadzaona zina, mudzandilavulire.” Anandiyang'ana, kenaka anatambasula dzanja.

Makalata anadzaza jumbo. Telala anati tiwaponye ku positi. Ine ndi nzeru zanga ndinakana. Ndinati kalata ya papositi ikhoza kukagona mu ofesi mpaka kudyedwa ndi chiswe, ndipo kwa munthu wamkulu supita wopanda wokuperekeza. Tinali naye munthu wotero: mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, mkamwini wa pamudzi pathu pomwe. Ndi uja wa nsapato zopukuta ngakhale m'dzinja, amene akuluakulu akabwera pamaliro amakhala kumbuyo kwa mipando yawo n'kumawanong'oneza. Wadya m'nyumba mwanga zaka zambiri, ndipo mwana wake woyamba ndinamulera ine. Nditamuuza anagwira pamtima.

“Alamu, zimenezi n'zazing'ono. Ndikazipereka m'manja mwenimweni mwa a phungu, sabata yamawa.”

Telala anafunsa mwaulemu ngati sitingamate maenvulopu. Ndinamudzudzula pamaso pa anthu. Ndinati munthu akutithandiza ndi miyendo yake, ife tim'bwezere chipongwe? Telala anangoti, “Chabwino aphunzitsi,” n'kubwerera ku makina ake. Makalata anapita osamata, onse.

Panadutsa mwezi, kenaka wina. Mayi wa ku Michesi uja, amene kale sankandiyankhula, anayamba kundiimitsa panjira yopita kuchigayo. “Ayankha?” Ndinkati akuluakulu amatanganidwa, tidikire. Mlamu wanga ndikamufunsa ankati zonse zili m'manja abwino, n'kusintha nkhani kuyamba za mtengo wa nandolo.

Kenaka kunabwera msonkhano pabwalo la mpira. Unali wa bwana wina wochokera m'tauni amene ankafuna kudzaimira uphungu kuno, munthu amene sitinkamudziwa n'komwe. Ine ndinapita kukangoonerera magule, ndinene zoona. Magule atatha, ndinaona mlamu wanga akukwera pansanja, mapepala ali m'manja. Ndinawazindikira ndili patali. Mizere ija ndinajambula ndekha ndi rula.

Analengeza kuti awa ndi anthu a ku Kaduya amene asiya zipani zawo n'kubwera pambuyo pa bwanayo, ndipo adinda zala zawo mwa kufuna kwawo. Anakweza mapepala m'mwamba kuti anthu aone zala. Kenaka anayamba kuitana maina mmodzimmodzi kuti aliyense adzalandire nsalu ya nkhope ya bwanayo.

Dzina la telala linamveka pa chimkuzamawu. Maina a amayi a kutchalitchi kwathu anamveka. Ena anapita kukalandira, sindingawanene, nsalu ndi nsalu. Ena anatembenuka n'kumandiyang'ana. Dzina la mayi wa ku Michesi analiitana katatu, chifukwa panalibe amene anaimirira. Iye kunalibe, koma kuno nkhani imafika pakhomo mwini asanavule nsapato. Ndakwiyapo m'moyo mwanga, ndamenyapo tebulo pamaso pa ahedi, koma tsiku limenelo mkwiyo unasowa potulukira chifukwa theka lake linali la ine ndemwe.

M'mawa mwake ndinapita kwa mlamu wanga. Ndinamupeza akupukuta nsapato.

“Makalata aja ali kuti?”

“Alamu, khalani pansi kaye.”

“Sindikhala. Makalata ali kuti?”

Anaseka pang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani. “Inu, tinene zoona. Za ku Palestina ife zikutikhudza chiyani? Mukuganiza kuti phungu angakhale pansi kumawerenga za mayi wosola nandolo? Ine ndaona kuti maina abwinobwino angoonongeka. Panopa anthu avala, bwana wandidziwa, mawa akapambana mudzi uno udzaona chitukuko. Mesa ndathandiza?”

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sankaoneka ngati wakuba wogwidwa. Ankayembekezera kuti ndimuthokoze. Ndinamuuza mawu amene mayi wa kutchalitchi sayenera kunena, ndipo sindinalape mpaka lero. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wathuyu sanafike n'komwe kumene tinamutuma.

Mng'ono wanga ananditsatira mpaka kuseri kwa nkhokwe, jumbo ija ataibisa m'chitenje. Anati inali pamwamba pa kabati nthawi yonseyi. Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Anayang'ana pansi n'kunena kuti banja ndi banja. Tinabadwa mimba imodzi, ndipo miyezi iwiri yonseyo ankandipatsa moni m'mawa uliwonse. Makalata onse analimo, iliyonse m'envulopu yake yosamata, opindidwa monga ndinawapindira. Pakona pa kalata iliyonse panali timabowo tiwiri ta phini. Ndikukhulupirira kuti sanawerengeko ngakhale imodzi.

Ndinayamba kubweza makalata kwa eni ake. Telala sanandinene. Zikanakhala bwino akanandinena. Anangolandira kalata yake, n'kuiika pansi pa nsalu, n'kundifunsa ngati ndabwera ndi zosoketsa. Ena anakana kulandira zawo. Mayi wina anandiuza pachitsime kuti, “Aphunzitsi, mukanangonena kuti ndi za chipani, bwanji kutinamiza ndi ana a eni akufa?” Ndinayesa kufotokoza, koma mlamu ndi wanga, ndipo mizere ija inali yanga.

Kwa mayi wa ku Michesi ndinazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapita. Ndinamupeza pakhonde akupeta mpunga. Sanandipatse mpando, ndipo ndinakhala pansi. Ndinamuuza zonse, za phini, za mlamu, za envulopu zimene ndinakana kumata. Ndinamukumbutsa kuti ndinati adzandilavulire, ndipo ndinali wokonzeka.

Anapitiriza kupeta mpaka anamaliza. Kenaka anati, “Ndamva kuti ndinalowa chipani. Ana anga ndinawatchula kwa inu, amene sindiwatchula ngakhale kwa abale anga, ndipo malipiro ake ndi nsalu ya nkhope ya munthu.” Anaika lichero pansi. “Ili kuti kalatayo?”

Ndinaitulutsa. Anati ndimuwerengere, ndipo ndinawerenga yonse. Atamva kuti mawu ake akadali momwemo, anandiuza kuti ndimupatse bolopeni. Anadzipaka yekha inki pachala. Sanafune pepala lina. Anadinda pakati penipeni pa kalatayo, pamwamba pa malemba anga okongola aja, mwamphamvu mpaka pepala linakwinyika.

“Apa achotsepo tione,” anatero.

Anaipinda, n'kuilowetsa m'envulopu. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire, koma anali asanamalize. Anakweza envulopuyo kukamwa, ananyambita kakamwa kake kuchokera kuno mpaka uko, akundiyang'ana m'maso, n'kumata. Anaitsindika pa bondo ndi chibakera kuti igwire bwino. Kenaka anandipatsa.

Mayiyu ndi wa kuno, mwambo amaudziwa kuposa ine. Ndinailandira ndi manja awiri.

Tsiku lomwelo ndinapalasa njinga mpaka ku positi, ndinagula sitampu, ndinaiponya ndekha m'bokosi. Yankho silinabwere, ndipo sindidziwa ngati inawerengedwa. Mlamu wanga akadali mkamwini pamudzi pathu, nsapato zake zikuwalabe. Mayi uja tikakumana panjira ya kuchigayo amandipatsa moni waulemu ndithu, amafunsa za kunyumba, za miyendo yanga. Koma sanandifunsenso ngati ayankha.