Mapadi Atsopano Pansi pa Mpando

Kwathu, kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, aliyense amadziwa kuti mabuleki sasewera nawo, kupatula bambo anga. Anali ndi pikapu yakale yonyamulira fodya kupita ku Mponela, ndipo ikamatsika chitunda inkalira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga. Amayi akadandaula, ababa ankangoti, "Akadalipo amenewa, sanathe." Chowawa n'chakuti mapadi atsopano, tizitsulo tija timafinya kuseri kwa tayala kuti galimoto iime, anali atawagula kalekale. Ankawasunga pansi pa mpando m'kabokosi kake ngati nsapato za pa Khirisimasi, kudikira kuti akalewo atheretu.

Anasankha kutheratu m'mawa wa tsiku langa lolandira Ukaristia woyamba.

Katekisimu ndinali nditaphunzira chaka chathunthu. Diresi loyera tinabwereka kwa msuweni wanga, ndipo linkandithina kale m'khwapa. Dzulo lake ndinali nditalapa, asisitere n'kutichenjeza kuti tisachimwenso, ngakhale ndi mkwiyo wa mumtima, mpaka titalandira. M'kamwa munali musanalowe kanthu.

Titangoyamba kutsetserekera kudambo, kulira kuja kunasanduka kukhukhuluza, chitsulo pa chitsulo, ndipo fungo lopserera linadzaza m'galimoto. Ababa anaimika movutikira m'mbali mwa munda wa mtedza, navula jekete, nalipinda mosamala.

"Bambo a Tereza, lero lomwe lino?" anafunsa amayi.

"Kanthawi kochepa chabe," anayankha. "Mukufuna tikafike kutchalitchi kapena kumwamba?"

Jeke inatitimira m'dothi, anapita kukasaka mwala. Nati ina inakana, anakwera pa sipanala ndi nsapato zopolisha. Atachotsa tayala ndinkayesa afulumira, koma ayi ndithu. Anatulutsa padi lakale lopyapyala ngati lezala, nayamba kulitembenuza padzuwa monyadira, mpaka kuimitsa munthu wa pa njinga kuti aone. "Taonani, achimwene, latha lonse bwinobwino. Palibe chapita pachabe!"

Ine ndinaima pachulu nditakweza diresi kuopa chisoso, ndili ndi njala komanso mkwiyo. Mawu oipa akangoti abwere m'mutu ndinkakumbukira asisitere, n'kuyamba Tikuoneni Maria. Sindinapempherepo kwambiri ngati m'mawa umenewo, ndipo pemphero lililonse linkatuluka mano nditaluma.

Kumapiri kumeneko belu la kumishoni limamveka patali. Linalira ababa akuyamba kumene tayala lachiwiri, chifukwa ati mapadi sasintha mbali imodzi yokha. Munthu amene ananyozera mabuleki nyengo yonse ya fodya, malamulo onse anawakumbukira tsiku limenelo! Atamaliza anakhala pampando n'kumapopa buleki ndi phazi mpaka italimba, akumwetulira yekha.

Tinafika anzanga akutuluka pamzere, manja ali pachifuwa, azimayi akuimba nthungululu. Ndinabisala kuseri kwa pikapu n'kulira mpaka velo ya kumutu inanyowa. Bambo mfumu anandimvera chisoni, ndipo ndinalandira Lamulungu lotsatira, ndekhandekha, mu yunifolomu ya sukulu, diresi litabwerera kwa mwini wake. Ababa sanapepese. Tsiku lija pobwerera anangoponda buleki potsika chitunda china n'kutembenukira kwa ife: "Koma mwaona mmene ikuimira?"

Masiku ano amakaniko ali paliponse, ngakhale pa Chisepo, ndipo kagalimoto kanga kakangoti tswii ndimathamangira kugalaja. Amandiseka kuti ndimataya mapadi abwinobwino. Asiyeni aseke, ine ndikudziwa chomwe chinandionekera. Ababa akalamba, koma pikapu ija ikuyendabe, ndipo yayambanso kulira. Mwezi wamawa mwana wanga Agnesi akulandira Ukaristia woyamba kumishoni komweko, ndipo agogo akewo alumbira kuti mdzukulu wawo sakwera galimoto ina koma yawo. Ndawathokoza mwaulemu wonse. Koma ine ndi mwanayo tidzakagona kumishoni Loweruka.