Alamu Anakwera Bwato ndi Majombo

Alamu anga, amuna a chemwali wanga, ndi mlimi wa fodya ku Namwera, ndipo nyanja ankangoionera patali. Chaka chimene chemwali anabwera kwathu ku Nkhudzi kudzadikirira kuchira, mimba itakula, tsiku lina alamuwo anandikakamira kuti tikawonjole limodzi mbedza zimene ndinatchera dzulo lake.

Anafika pagombe m'mawa atavala majombo akumunda, ofika m'mawondo. Ndinawauza kuti avule. Anati akuopa minga ya nsomba, komanso akawasiya pamchenga anthu awabera. Ine mtima wanga ndi wapachala, koma mlamu sulalatira, ndiye ndinangoti kwerani, mukhale pansi, musadzuke zivute zitani.

Koma tsiku limenelo nyanja inatikonda! Mbedza yoyamba, kampango. Yachiwiri, kampango. Alamu anayamba kuimba nyimbo za Chiyao uku akuwomba m'manja, ine ndikuseka mpaka misozi. Kenako chingwe chinalemera, ndipo panatulukira chimutu cha kampango chachikulu ngati mtondo. Munthu uja anaiwala zonse. Anadzuka njo kuti andithandize kukoka.

Kuphethira kumodzi, tonse tinali m'madzi.

Nditavuuka ndinawaona atagwira m'mphepete mwa bwato ndi dzanja limodzi, maso ali tong'o. Majombo anali atadzaza madzi, miyendo sinkatheka kupalasa, ndipo zala zinkaterereka. Ndinawakankhira pachifuwa chigubu chopanda kanthu chimene ndimamangirira kubwato.

"Kumbatirani ichi, alamu! Musandigwire ine!"

Ndinamira dala kuti ndiwavule majombowo. Jombo loyamba linavuka msanga, iwo n'kundipatsa chidendene chapakamwa. Lachiwiri linakana. Ndinavuuka, kupuma, kumiranso, ndikutukwana chamumtima fodya yense wa ku Namwera. Linavuka mpweya utanditheratu.

Mwamwayi boti la injini linkabwerera kudoko, ndipo asodzi ake anationa. Anatikokera m'botimo ngati matumba a chimanga, akutiseka. Alamu ankasanza madzi uku akufunsa ngati kampango uja wathawa. Nanenso ndinayamba kuseka, chimwemwe chosaneneka, magazi akuchucha pamlomo.

Kuseka kunatha titayandikira gombe. Chemwali anali atalowa m'madzi mpaka m'chiuno ndi mimba yakeyo, amayi ena akumukokera kumtunda. Chemwaliyo sanawayang'ane n'komwe amuna ake. Anandigwira ine malaya.

"Achimwene, mukanabwera nokha, mwanayu ndikanadzamuuza chiyani?"