Adzukulu asowa pokumba

Mwaswera bwanji nonse.

Mayi athu aang'ono, a Esinati, tawaika lero, koma movutika. Adzukulu atayamba kukumba m'mawa anapeza bokosi lakale. Anakwirira n'kusunthira pambali, apo anapezanso mafupa. Manda athu adzaza, abale.

Mapeto ake awaika kumalire kwenikweni, khasu likudula mizu ya tiyi wa esiteti. Munthu wathyola tiyi moyo wake wonse, wakagonanso pansi pa tiyi yemweyo.

Amalume a Mulimba, aja abwera kumaliro kuchokera ku Mozambiki, anangopukusa mutu. Akuti, "Makolo athu anachoka kuja kudzafuna moyo kuno. Moyo wake ndi umenewu? Kwathu msewu ndi woipa, chipatala chili kutali, koma wamoyo ali ndi polima, wakufa amagona motambasuka."



Tsopano apempha kuti atenge Yohane, mwana wa malemu, akamupatse munda kumeneko. Mnyamatayo walongedza kale chikwama, sanafunse munthu.

Inu mukuti bwanji, timuletse? Nanga tikamuletsa, timuuza kuti adzalima pati, ndipo adzagona pati?