Mphepo ya padzuwa ndi mbewa zathu

Abambo a pamishoni yathu, cha kuno ku Balaka, anali mzungu wabwinobwino, koma anali ndi nthenda yosuzumira dzuwa. Ine ndinali kalipentala wawo, ndiye bokosi lalitali loonera dzuwalo ndinakhoma ndine. M'kati anaikamo magalasi, lina la ngodya zitatu, limene linkang'amba kuwala n'kukhala utawaleza wa timizeremizere.

Ankati kunja kwa dzuwa kuli mpweya wamoto umene umathamanga, ndipo ukamabwera kuno kapena ukamathawa, kamzere kena kofiira kamasendera pambali. Ataona ndikukanda mutu anandikumbutsa za sitima, kuti ikamabwera imalira mwina, ikadutsa imaliranso mwina. Ndinavomera. Wothawa sukulu ali sitandade thu satsutsana ndi mwini ntchito.

Chaka china maso awo anayamba kuchita nkhungu, ndipo akuluakulu awo anawalamula kuti mvula ikangoyamba abwerere kwawo. Iwo mtima unali pa kamzereko, akaone kakusuntha asanakwere sitima. Tsoka lake inali nyengo yotentha tchire. Kuyambira kwa Kalembo mpaka ku Phalula utsi unali tolo, aliyense ali kalikiliki ndi mbewa, dzuwa lili psuu ngati dzungu.

Lamulungu anatipempha m'tchalitchi kuti tibaleka kutentha. Anthu anangoti basi, mbewa zaletsedwa ngati nyama pa Lachisanu. Amayi ena mpaka anakaulula kuti anadya kapuku. Ife Akatolika tinalekadi, tikudya nyemba mokwiya. Anzathu a mpingo wina ataona tchire lathu lili chilili, anatithandiza kulitentha, mbewa n'kutenga. Utsi unachita kuwirikiza.

Katundu wa Abambo atamangidwa kale, chizimalupsa chinagwa. M'mawa mwake kumwamba kunali mbee. Anagwada pabokosi paja nthawi yaitali, chipewa chitagwera pansi, kenaka anandikodola misozi ili m'masaya.

"Taonani, a kalipentala. Kapindika. Mphepo ya padzuwa ija ikubwera kuno."

Ndinafunsa ngati ndithamange kukamanga denga, iwo anati iyayi, siifika. Ndinaika diso. Kaulusi kofiira, kokhota ngati mbedza ya matemba.

"Abambo, mbewa zonse zija tazisiyira kaulusi aka?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Sitima anakwera sabata yomweyo, magalasi m'thumba, bokosi n'kundisiyira. Nkhuku za mayi akunyumba zinaikiramo mazira zaka zambiri, ndipo palibe inadandaulapo za utsi.