Nsungwi Zoviika M'damu la Bwana

Ntchito ija ndinaipeza ndikuchapa matewera. Ine ndi bambo a Tadala tinali tangofika pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mkanda, iwo atalembedwa utenanti. Tsiku lina ndili kudamu ndinaona bambo wina wa imvi akugwaza pansi pa madzi ndi nsungwi, kwinaku akudandaula za mwendo. Anali a Jere, oyendetsa boti la bwana. Ankafuna wowalowa m'malo pa ntchito yogwazayo, ndiye anandifunsa ngati ndimaopa madzi. Ndinayankha kuti ayi. Linali bodza, mpaka lero sindidziwa kusambira, koma m'nyumba munalibe ngakhale sopo.

Botilo si la nsomba. Ndi losewerera. Limakoka munthu ataima pa thabwa, atagwira chingwe, iye n'kumadumpha mafunde kumbuyo. Injini yake ili m'kati, pulopela ili kunsi kwa mimba pamodzi ndi shafiti ndi chiwongolero, ndiye sungaitukule ngati ya maboti ena. Komanso amathira madzi m'matumba akuluakulu kumbuyo kuti lilemere, funde likule. Likalemera limamira kwambiri. Damulo ndi dambo lomwe anatseka, pansi pake pali zitsa, zulu ndi miyala. A Jere anandiuza kamodzi kokha: “Mayi a Tadala, chitsa chimodzi, fayiba ya mimba ya boti yang'ambika, shafiti yapindika, tonse tinyamula katundu.”

Zida zanga zinali nsungwi yaitali yopaka penti yofiira pa msinkhu wa chifuwa changa, chubu cha thirakitala, zingwe, njerwa ndi zigubu zachikasu. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'chubu n'kumagwaza mzere wonse womwe boti lidutse, kupita, kubwera. Pomwe madzi sanafike pa penti, kapena nsungwi yagunda cholimba, ndinkamanga njerwa ku chingwe, chingwe ku chigubu, n'kuponya. Matope amayamwa nsungwi, chitsa chimabweza m'manja, mwala umalira. Ndinaphunzira zonsezi maso ali ku mtengo wa mango komwe ndinkasiya Tadala ndi mnzanga wina.

Nsanje inayamba ndi botilo. Linali ndi shedi yakeyake ya malata atsopano, ankalifunditsa lona, ankalipukuta ndi nsalu yofewa kuposa thewera la mwana wanga. Ife denga lathu linali la udzu wa chaka chatha. Kenako nsanje inapeza munthu. Felesiya, mdzukulu wa kalaliki wa pa esiteti, anafika Fomu 4, ine ndinalekera Sitandade 6. Iye ankakhala m'boti pa mpando wofewa, atavala jekete yoyandamitsa, ntchito yake kuyang'ana wa pa thabwa ndi kukweza mbendera akagwa. Alendo a bwana ankaseka naye m'Chingerezi, ankamupatsa zakumwa zozizira. Ine miyendo inachita kutuwa ndi kung'aluka, misundu inkandiluma. Akandidutsa ankakuwa, “Achimwali a m'chubu, mwagwira chambo?” Ndinkaseka, n'kupitiriza kugwaza.

Mu Okutobala madzi anatsika kwambiri. Bwana anaikitsa kamakina koonetsa kuya kwa madzi pa galasi, ndipo wowerenga manambala anali Felesiya yemweyo.

Lachisanu lina bambo a Tadala anabwera zovala zili zonyowa mpaka m'khosi. Nditawapanikiza anaulula. Iwo ndi anzawo anadula nsungwi ndi mitengo ya bulugamu yomangira chigafa cha fodya, ndiye anakaziviika m'damu kuti zisadzafumbwe, monga amachitira aliyense kwathu. Poti kapitawo analetsa, sanaviike m'mbali. Anamanga mtolo waukulu ndi waya, kusanjikiza miyala, n'kuumiza kuseri kwa chulu chomira, pomwe sungaoneke. Pamenepo ndi pakati penipeni pa mzere wa boti. “Usatsegule pakamwa,” anatero. “Akamva atithamangitsa, fodya ali pa nazale.”

Loweruka kunabwera alendo ochokera ku Lilongwe, magalimoto awiri. Ine ndinali nditakonza nzeru: ndigwaza mwa masiku onse, ndiponya chigubu pamtolopo, ndinena kuti ndi chitsa chatsopano. Ndikukoka chubu, ndinamva Felesiya akuuza bwana, mokweza kuti ndimve: “Masiku ano nsungwi n'njachiyani, bwana? Makina akuonetsa zonse. Tingochedwa.” Bwana anavomera. Anati ine ndikanyamule mabokosi a ayezi kunyumba yaikulu.

Apa ndilembe zoona. Ndikanatha kuwakokera pambali a Jere. Sindinatero, ndipo sichinali chifukwa cha bambo a Tadala okha. Ndinaganiza kuti: ayi, aligunditse, tione ngati makina ake amuombole. Ndinkadziwa bwino kuti kamakina kaja kamaona pansi pa boti pokha, sikaona kutsogolo, kakamalira ndiye kuti wagunda kale. Ndinaika chubu pansi, ndinanyamuka.

Pobwerera, bokosi lili pamutu, ndinayang'ana pa mango paja. Mnzanga analipo, Tadala panalibe. “Ankalira,” anatero mnzangayo, “ndiye Felesiya wamutenga, alendo amukonda, akuti akwere nawo pang'ono.”

Bokosi linagwa, ayezi mbwee. Boti linali kutsidya, likukhota, matumba odzaza, mphuno m'mwamba, kumbuyo kutamira, munthu ali pa chingwe. Kutsogolo kwenikweni, pa miyendo ya Felesiya, kadiresi kofiira. Ndinakuwa, koma injini ija ndani angaipose. Ndinathamanga, chubu ndinachiiwala, ndinangotola nsungwi. Madzi m'mawondo, m'chiuno, m'chifuwa, matope akugwira mapazi, chitenje chikundikulunga, madzi m'khosi, ndinamwa, ndinatsokomola, ndikugwaza, ndikugwaza, Ambuye mtolo uli pati, chulu ichi, kuseri kwake, kenako nsungwi inabweza m'manja. Waya anandicheka phazi pokwera. Ndinaimirira pamwamba pa mtolowo, pakati pa damu, madzi akungofika m'ntchafu pamalo pomwe amamiza munthu. Ndinakweza nsungwi ndi manja onse awiri. Boti linkabwera molunjika ine.

Felesiya ndiye anandiona. Anakweza mbendera, anamenya a Jere paphewa. A Jere sanakhote mwadzidzidzi, anachepetsa mafuta a injini, boti linakhala pansi, funde lake linandikankha mpaka ndinagwada. Linaima pafupi moti ndinaona kuti Tadala ali ndi bisiketi m'manja, akuseka.

Bwana anafunsa kuti ndaima pa chiyani. Mawu oti chitsa anali kale pa lilime. Koma phazi linkatuluka magazi, ndipo ndinadziwa kuti ndikanamanso, chaka chamawa ena adzaviika pena. Ndinanena zonse: nsungwi, waya, miyala, ndi mwini wake. Chimodzi chokha sindinanene, chomwe ndalemba pamwambapa. A Jere anatsika, anapapasa mtolowo, anayang'ana galasi la makina lomwe linkaonetsabe kuti pansi pali bwino. “Aka kamaona pomwe takhala,” anatero. “Nsungwi imaona komwe tikupita.”

Sanatithamangitse. Bambo a Tadala ndi anzawo anakalipiridwa pamaso pa anthu, anavuula mtolo tsiku lomwelo, ndipo a Jere anapempha bwana kuti matenanti apatsidwe ngodya yawo yoviikamo, kutali ndi mzere, yozungulidwa ndi zigubu. Kunyumba bambo a Tadala anandikwiyira sabata yathunthu, ankayankha ndi mphuno. Alendo aja anaombera m'manja Felesiya chifukwa cha maso akuthwa, mayi wina anamuvulira magalasi a dzuwa n'kumupatsa. Ine anandipatsa pulasitala.

Felesiya anandipeza ndikumanga phazi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi, “Munadziwa m'mawa uja, eti?” Ndinangopitiriza kumanga phazi. Iye sanauze munthu, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa magalasi aja, poti tsopano ndiyenera kumupatsa moni woyamba.

Ntchito ndikugwirabe. Boti silichoka pa doko ndisanagwaze mzere wonse, kaya makina anena chiyani, kaya alendo achita phuma. Pansi pa dzulo si pansi pa lero, chifukwa damu lili pakati pa anthu, ndipo anthu ali ndi zigafa zoti amange. Ndikadziwa kanthu ndimanena nthawi yomweyo, kwa a Jere, mtima usanayambe kundipatsa nzeru zake.

Nsanje sinathe, ndisaname. Tadala akamva injini amathamangira kudamu akukuwa “anti, anti,” ndipo si ine amene akuitana. Koma ndinaphunzira kuti nsanje ili ngati nsungwi zoviika zija. Ukaimiza mobisa siifumbwa, imangolimba, ndipo sudziwa kuti tsiku logunda m'botimo mudzakhala mwana wa yani.