Tambala Amene Sanafike kwa Eni Serividoli

Ine ndinakalamba ndikukhulupirira kuti palibe khomo limene silitseguka ukamupatsa mlonda kangachepe ka lefelesiko, kogulira chakumwa chozizira. Kumsika zinkatheka, pamzere wa chapa, minibasi yathu ija, zinkatheka. Ndiye ndinkati nazo za intaneti n'chimodzimodzi.

Mzime wathu wamkazi anaphunzira za makompyuta. Anapanga pulogalamu yoti amalonda a mbatatesi ochokera ku Angónia azidziwa pa foni mitengo ya kuno ku Tete asanakweze matumba. Loweruka anayenera kuwaonetsa. Akaikonda, amulemba ntchito. Akapanda kutero, mwana amapita ku Maputo, kutisiya ine ndi mayi ake awiriwiri tikuyang'anana ngati mbuzi.

Pa kompyuta yake pakhonde pathu ku Matundo chinthucho chinkayenda bwinobwino. Atachitumiza ku serividoli, kompyuta ya eni ake yakutali imene amabwereka malo mwaulere, chinangoti zii.

"Bambo, kukusowa modulo," anatero. "Kachidutswa kamene pulogalamu yanga imatsamira. Kuno ndili nako, uko kulibe, ndipo salola kuikako."

"Salola ndani?"

"Eni malo."

Basi, ndinamva. Lachisanu m'mawa ndinagwira tambala wanga wofiira, kumumanga miyendo, kuvala jekete la kutchalitchi ngakhale kunali kutentha koopsa.

"Ndilozere ofesi yawo, mwanawe. Ndiwoloka mlatho kupita kutauni."

Anaseka mpaka misozi. "Ofesi yake iti, bambo? Ngakhale ine sindidziwa dziko lake. Amene akukana si munthu."

"Aliyense ali ndi mlamu wake," ndinatero, koma mawu anali atayamba kuchepa.

Ndinakhala pampando, tambala pamiyendo. Iye anayang'ana tambala, kenako kompyuta yake.

"Komatu modulo yonseyo sindiifuna," anatero, ngati akudziyankhula. "Ndimangotengamo kakang'ono kowerengera mitengo."

Anakhala pansi n'kuyamba kulemba kachidutswako yekha, ndi zida zokhazo zimene eni malo amalola. Ine ndinkamukupiza ndi katoni, ndiyo inali mbali yanga ya uinjiniya. Dzuwa likupendeka anati, "Tayatsani foni yanu." Ndinayatsa: mtengo wa thumba uwo, pagalasi langa losweka.

Amalondawo anali asanaone, koma tambala sitinamusungire Loweruka: tinamudyera nsima madzulo omwewo.

Usiku umenewo, ndikutsuka m'kamwa, ndinauza mayi ake kuti pakanapanda ine ndi tambala wanga nzeru ija sikanabwera.

"Gonani, abambo ake," anatero. "Mawa mukanyamule kompyuta ya mwana pa chapa, koma pakamwa mukasiye kuno."